Usatimvere Chisoni, Tadala

Kwathu, kuseri kwa Mitundu
Lamulungu masana

Tadala mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa cha fodya muno, thabwa pamwendo, bolopeni m'manja, pamene iwe wapita ku Nathenje kukatsanzika azakhali ako. Amayi ako akundiseka. Akuti munthu wa pakhomo pomwe pano n'kumulembera kalata ngati ali ku Joni? Aseke. Ine ndikudziwa zimene zimachitika ndikati ndiyankhule nawe. Ndimayamba bwinobwino, pakati ndaponyapo nthabwala, iwe waseka, ine ndaseka, nkhani yathera m'malere. Ndikati ndiumitse nkhope, iwe umagwada n'kuyang'ana pansi, "Chabwino bambo, ndamva bambo," koma za mumtimamo osatulutsa. Pepalali sungaligwadire, ndiye uliwerenge mpaka kumapeto. Ndikupatsa mawa pa siteji, uwerengere mu minibasi usanafike mu Lilongwe.

Choyamba ndinene kuti ndakondwa. Ndakondwa zedi, moti masiku ano ndikumayenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Lero kutchalitchi atalengeza kuti mwana wa m'mudzi muno akupita ku yunivesite, amayi a chigwirizano analulutira mpaka abusa anadikira kaye, ndipo ine ndinaimirira ngakhale sanandiuze kuti ndiimirire. Ndinakumbuka chaka chija sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana atakhuthukira kusukulu ngati ngumbi, iwe uli m'gulu lomwelo, kukhala pa njerwa pansi pa mtengo, kope lili pabondo. Mvula ikabwera sukulu yatha. Ndani akanati pa chigulu chimenecho padzatuluka wa digiri? Ndipo wake wa ndani? Wa mkamwini wochokera ku Nathenje, amene anafika m'mudzi muno ndi khasu ndi njinga yopanda mabuleki.

Tsono nkhani imene yandikhazika pansi ndi iyi. Ku yunivesite ya boma sanakutenge, osati chifukwa sunakhoze, koma malo ndi ochepa ndipo okhoza ndi ambiri. Unalira, tinakutonthoza. Kenaka mayunivesite awiri olipira, mwa awa angoyamba zaka zino, anakuyankha kuti bwera. Ina ili m'tauni mu Lilongwe, yotchipa, ungamagone kwa msuweni wako n'kumabwera kuno Loweruka lililonse. Ina ili kuphiri, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ya mpingo, yogonera komweko, ndipo fizi yake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Zonse ziwiri zikulembetsa ophunzira sabata ino. Iwe unatiuza kuti wasankha ya m'tauni, katundu wamanga, mawa ukunyamuka. Ine ndikuti, Tadala, wasankha ndi chisoni, sunasankhe ndi mtima wako. Ndipo chisankho cha zaka zinayi chopanga ndi chisoni chimavuta kuchibweza.

Sindikukuuza kokwera. Ndikufuna ndikuuze mmene ine ndinaphunzirira kusiyanitsa mtengo wa chinthu ndi phindu lake, poti ndinaphunzira mopusa, ndipo kupusa kwanga kukuthandizeko.

Chaka chimene analola kuti nafenso alimi wamba tizilima fodya wa bale, ndinapita pamsika wa Mitundu kukafuna ng'ombe yoti izikoka ngolo pamodzi ndi Kaputeni, ng'ombe yathu yakuda ija. Iwe unali ukuyamwa chala nthawi imeneyo. Panali ng'ombe yabwino, mwini wake wosasunthika pa mtengo, akungoti, "Bwerani kwathu mudzaione pagoli, mukaikonda mudzagule." Chapambali panali ina yooneka bwino ndithu, yonenepa, mtengo wake wotsika moti ndinafunsa kawiri. Mwini wake anali wa pakamwa potsekemera. "Tengani msanga achimwene, pali wina wapita kukatenga ndalama." Ndinatenga. Ndinabwera nayo kuno ndikuimba mluzu, ndikuuza aliyense panjira kuti ndamudyera munthu masuku pamutu. M'mawa mwake ndinaimanga pagoli, ngolo yodzaza manyowa, ulendo wa kudimba. Titafika pakati pa msewu ng'ombe ija inangoti khwithi, kugona. Ndinaikuwa, ndinaipotoza mchira, ndinaipempha mwaulemu. Iyo ikungobzikula, kundiyang'ana ngati ine ndiye wolakwa. Kaputeni waima phee, manyazi akumugwira m'malo mwanga. Inathera kwa a butchala, ndipo ndinabwereranso kwa munthu woyamba uja kukagula ya mtengo womwe ndinauthawa. Ndinalipira kawiri, Tadala. Chiyambire tsiku limenelo, wogulitsa akamandifulumizitsa ine ndimayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Koma usati bambo akutanthauza kuti chodula ndiye chabwino. Ayi. Chaka chimene fodya wanga anayenda bwino ku okushoni koyamba, ndinalowa m'sitolo m'tauni n'kuloza wailesi yaikulu kuposa zonse, ya makaseti mbali ziwiri, ya timagetsi tothwanima. Amayi ako anali atandituma feteleza ndi malata oyambira. Ndinatsika pa siteji wailesi ili paphewa, ikulira, ana akunditsatira mpaka pakhomo. Sabata imodzi ndinali munthu wotchuka m'mudzi muno. Kenaka ndinazindikira kuti chinthucho chimadya mabatire ngati nkhumba pa madeya. Nkhani zomwe inkanena ndi zomwezo zimene inkanena kawailesi kakang'ono ka oyandikana nawo. Inatha chaka itafundidwa kansalu pa tebulo, amayi ako akumaipukuta fumbi mondinyogodola. Pamenepo ndinalipirira maso a anthu, sindinalipirire chinthu. Ndiye pamene makalata ako awiri anafika, sindinakhulupirire ya m'tauni chifukwa chotchipa, komanso sindinakhulupirire ya kuphiri chifukwa chodula. Ndinati zonsezi ndikazione pagoli.

Atsibweni ako a Lufeyo ndiwo anakonza ulendo. Ukuwadziwa mmene amachitira ikakhala nkhani ya ana a mlongo wawo. Anati, "Alamu, mwanayu ndi wa kwathu. Kumene akupitako ndi ukwati wa zaka zinayi. Kodi mwana timangomupereka pakhomo poti sitinapaone? Tipite ngati ankhoswe, tikamve mbiri ya eni khomo." Ine ndinavomera. Iwo anawonjeza kuti kwa eni ake sitifika chimanjamanja, aliyense anyamule tambala. Ndinakayika pang'ono, koma mkamwini satsutsa atsibweni pa nkhani ya mwambo. Nkhani ya atambala ija ukuidziwa, mudzi wonse unaseka. Zimene sukudziwa ndi zimene tinaona, chifukwa titabwerako ine ndinayamba ndi kutchula fizi, ndipo iwe utangomva unatseka nkhani. Ndipo udziwe kuti ponyamuka atsibweni ako anali mbali ya yotchipa. Ankati digiri ndi digiri, pepala ndi limodzimodzi.

Tinayambira m'tauni. Yunivesite yake ili pamwamba pa masitolo, umakwera masitepe, pansi akugulitsa simenti ndi mapaipi. Mu ofesi tinapeza bambo wa tayi, wansangala kwambiri. Atsibweni ako atangoyamba malonje, iye anali atalandira kale tambala n'kumumangirira kumwendo wa tebulo. Tinakondwa, tinati anthu odziwa mwambo. Ndinafunsa kuti aphunzitsi ali kuti, tiwaoneko. Anati amabwera madzulo akaweruka kumene amagwira ntchito. Ndinafunsa za mabuku. Anatilozera kabati yokhoma, makiyi ali ndi wina amene watuluka. Ndinafunsa ngati pepala lawo boma limalivomereza polemba ntchito. Anati zili m'njira, zitheka posachedwapa. Ndinati mwana wanga amafuna uphunzitsi wa ku sekondale. Anati umenewo alibe, koma masiku ano ndalama zili m'bizinesi, asinthe maganizo. Kenaka anatulutsa buku la malisiti. "Lipiranikoni kagawo lero bambo, malo akutha." Pomwepo m'maganizo ndinaona ng'ombe ija itagona pamsewu.

Tinatsika masitepe. Titafika pansi atsibweni ako anandigwira mkono. "Alamu, mwaona chimene ndaona ine? Nkhuku alandira, ndalama apempha, koma dzina la mwana sanafunse." Ndinaima. Zinali zoona. Sanafunse kuti ndiwe ndani, unakhoza bwanji, umakonda chiyani. Kwathu kuno, anthu ukapita kukawafunsira, amakupanikiza ndi mafunso mpaka thukuta, chifukwa akufuna kudziwa amene akulowa m'banja mwawo. Pakhomo pamene sakufunsa kanthu, atsibweni ako anati, ndiye kuti aliyense ndi chimodzimodzi kwa iwo, bola walipira.

Ulendo wa kuphiri ndiye unali wa mavuto. Tsiku lonse m'basi, tambala wachiwiri ali m'kadengu pamiyendo ya atsibweni ako, akulira nthawi iliyonse basi ikaima, kondakitala akufuna kumulipiritsa mpando. Tinafika mphepo ikuwomba yolowa m'mafupa. M'mawa titaona nyumba zake, atsibweni ako anakhumudwa. Njerwa zakalekale, utoto wosuluka, malata a dzimbiri. "Alamu, ndalama zonse zija ndi za zimenezi? Sitolo za pa Mitundu zikuoneka bwino." Nanenso ndinagwa mphwayi.

Mu ofesi munali mayi wa magalasi, wa msinkhu wa amayi ako. Atsibweni ako anagwira chipewa, anapereka malonje onse bwinobwino, n'kutulutsa tambala. Mayi uja anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika, anaseka mpaka kuvula magalasi kupukuta misozi. Kenaka anapepesa, anati, "Bambo, ulemu wanu ndauona ndipo ndathokoza, koma kuno sitilandira kanthu pa nkhani ya malo a mwana. Nkhukuyi ibwerere." Anatipatsa tiyi. Ndiye anayamba kutifunsa. Mwanayo ndani? Anatulutsa mapepala ako, anawerenga, anagwedeza mutu. Chifukwa chiyani akufuna uphunzitsi? Ndinamuuza mmene unkasonkhanitsira ana pakhonde n'kumalemba masamu pakhoma ndi khala, amayi ako akukalipa. Amadwaladwala? Ali ndi chibwenzi chimene chingamusokoneze? Atsibweni ako anayankha mwamphamvu kuti ayi, ine ndinangoyang'ana kudenga poti sindikudziwa. Kenaka anafunsa funso limene linandibaya. "Fodya akadzavuta chaka chachitatu, adzalipira ndani? Musayambe chinthu chimene chidzathere panjira, mwana amapweteka kwambiri akabwerera ndi theka. Pitani mukaganize, musafulumire."

Anatilola kuzungulira tokha. Tinaima pawindo la kalasi, mphunzitsi ali kutsogolo dzuwa lili pamutu, ophunzira akumutsutsa iye osakwiya. Tinalowa mu laibulale, anthu ali zii, mitu pansi, moti atsibweni ako anavula chipewa n'kuyamba kuyenda monyang'ama, ankayesa kuli mapemphero. Panja tinapeza mayi wina wa ku Dedza akuchapa, nayenso wophunzira, wa ana ake kale, amene anasiya kuphunzitsa ku pulayimale kuti awonjezere sukulu. Ndinamufunsa mmene ndimafunsira oyandikana ndi wogulitsa ng'ombe, kuti andiuze zoipa zokha. Sanabise. Anati nyemba ndi za tsiku ndi tsiku, madzi amasowa nthawi zina, mwezi wa chisanu umagona ndi masokosi. Koma anati aphunzitsi amakhala pomwepo, ukajomba amatumiza munthu kudzagogoda, ndipo chaka chomaliza amakutumiza kusukulu yeniyeni kukaphunzitsa iwo akukuyang'ana. Pobwerera m'basi atsibweni ako anakhazikanso tambala pamiyendo. Kenaka anati, "Alamu, ndalama ndi zambiri, koma awa ndi anthu oti n'kuwapatsa mwana." Tambala uja ndi yemwe akulira kuseri kwa khola pano, amene ana akumutcha Pulofesa, poti anafika ku yunivesite iwe usanafike.

Ndisawanamizire a m'tauni aja. Si akuba. Mwina ndi anthu ongoyamba, ndipo zaka zikubwerazi adzamanga zawo, mapepala awo adzatheka. Ena mwa aphunzitsi amadzulowo ayenera kuti ndi odziwadi zinthu. Kukhala pafupi nakonso ndi phindu, sindikukana. Ukadwala malungo amayi ako angakwere minibasi n'kukupeza tsiku lomwelo. Ufa ungamatenge kuno. Ngati mtima wako watembenukadi, ngati ukufuna za bizinesi ndi maakaunti, pita, ndipo ine ndidzavina pa tsiku lako lomaliza mpaka fumbi kobo. Chimene ndikukana ndi chakuti upite kumeneko chifukwa unatimva ine ndi amayi ako tikunong'onezana za kugulitsa ng'ombe. Unamva, usakane. M'mawa mwake ndi pamene unabwera kudzagwada n'kunena kuti wasankha ya m'tauni poti ndi pafupi. Usatimvere chisoni, Tadala.

Ndinakukhulupirira masabata angapo, ndinati mwina mwana waganiza yekha. Unadziulula wekha Loweruka lina lapitalo, osati dzuloli. Ndinakuona pa kaunjika pamsika, iwe sunandione. Unanyamula juzi yaubweya, yokhuthala, ya khosi lalitali. Unaiyika pansi. Unapita, unabwerera, unaiyesa pathupi, unaigula, n'kuibisa pansi pa tomato m'dengu. Mwezi uno, dzuwa likuswa mtengo chonchi, munthu wopita ku Lilongwe agule juzi yotero ya chiyani? Ndinaseka ndekha pamsika ngati wamisala, kenaka kuseka kunatha, mtima unandiwawa. Ndinadziwa kuti pakamwa pako pavomera m'tauni koma thupi lako likukonzekera mphepo ya kuphiri.

Tsono imva ichi, ndi chimene ndimafuna kwambiri kuti ndikuuze. Nditamaliza sitandade eyiti ku Nathenje, atsibweni anga, malemu a Jere, anandiitana. Anali atagulitsa mtedza bwino chaka chimenecho. Anati, "Mphwanga, ndikutumize ku sukulu ya ukalipentala ya amishoni, manja ako ndi a luso." Ndinkafuna, Tadala, ndinkafuna moti usiku ndinkalota ndikupala matabwa. Koma ndinayang'ana malaya awo ong'ambika paphewa, ndinayang'ana denga lawo lodontha, ndinati, "Ayi atsibweni, sungani ndalama zanu, ine ndizilima." Ndinadziona ngati mwana wabwino kwambiri. Ukudziwa chimene anachita ndi ndalama zimene ndinawasungirazo? Malaya sanagule. Denga sanafolere. Isanathe miyezi ingapo anakwatira mkazi wachiwiri ku Diamphwe, ndipo ine ndi amene ndinanyamula mtolo wa nkhuni za pa ukwatiwo. Ukwati wake sunathe n'komwe zaka ziwiri. Lero ndimaseka ndikamakamba, ndipo nawe seka. Koma thabwa limene ndatsamirapo pepalali ndi lokhota, ndinapala ndine, ndipo nthawi zonse ndikagwira chipangizo cha ukalipentala manja anga amadziwa kuti panali china chimene akanaphunzira. Ndalama zimene wazimvera chisoni sizikhala pansi kukudikira. Zimapita ndithu, kungoti zimapita kwina.

Ukuganiza kuti ukapita kotchipa ife tilemera? Ndikudzidziwa ine. Zotsalazo zidzathera pa maliro a uyu, ngongole ya uyo, mwina wailesi ina. Bola zipite m'mutu mwako, kumene mbava siingabe ndipo chiswe sichingadye.

Sindikubisira kulemera kwake, poti ndiwe wamkulu tsopano. Ukapita kuphiri, nyumba ya njerwa zootcha imene amayi ako akhala akuilota idikira. Chaka chikadzavuta ku okushoni, ng'ombe imodzi idzapita, mwina zonse ziwiri, ndipo ine ndidzabwerera kosenza pamutu ndi panjinga. Pa Khirisimasi mpunga udzakhala wochepa. Patchuthi chachifupi sudzabwera, thiransipoti ndi yodula, ndipo pakhomo pano padzakhala zii. Zonsezi taziyeza. Amayi ako, amene ukuganiza kuti ukuwateteza, ndi amene anandiuza dzana ali pamtondo kuti, "Inu, nyumba ya zidina sinandiphe zaka zonsezi. Mwanayo apite kumene akufuna, ndidzagona m'nyumba ya malata imene adzamange yekha." Atsibweni ako nawo alonjeza kuti mbewu ya mtedza ya chaka chino ndi yako, ndipo ukuwadziwa, akanena pagulu sabwerera. Kudimba ndawonjezera mabedi a nazale, pita ukaone ngati ukuganiza kuti ndikunama, ngakhale nthawi yoti ukaone palibe. Msana uwawa, inde, koma ukhala ukuwawira chinthu chooneka.

Pali china chimene ana simudziwa. Mumaganiza kuti kholo likamavutikira mwana ndiye kuti likuzunzika. Ine ndikamathirira nazale m'mamawa, ndowa ili m'manja, ndikudziwa kuti fodya ameneyu ndi fizi ya temu ya Tadala, ndimaimba nyimbo. Amuna anzanga ku kalabu ya fodya amadandaula kuti amalima chaka chonse ndalama n'kuthera m'mabala a pa Mitundu osadziwa kuti zapita bwanji. Ine ndikhala ndikudziwa kumene zanga zikupita. Ukandichotsera zimenezi poganiza kuti ukundipumitsa, wandilanda chinthu chimene ndimadzukira.

Kulikonse kumene ukatsike, malangizo ena ndi omwe aja, sindichulutsa. Ukafunse mafunso m'kalasi, usakagwade n'kumati chabwino chabwino ngati umachitira ndi ine, talipira kuti uzifunsa. Ukapeza ana a anthu olemera, a nsapato zosinthasintha ndi mafoni a m'manja. Usakachite manyazi ndi kwanu, ndipo usakabwereke zovala kuti ufanane nawo, kumbuka wailesi yanga. Anyamata adzabwera, ndiwe wokongola, unatengera amayi ako, mwayi wako sunatengere mphuno yangayi. Woyankhula mofulumizitsa, woti tiye lero lomwe, umuyendere pang'onopang'ono. A zipani akamabwera ndi nsalu ndi timakobidi kuti mukavine pamsonkhano, iwe ukhale ndi mabuku ako, voti yako ukaponye mwakachetechete. Kutchalitchi uzipita, osati chifukwa pali wokuona. Ukadwala usabise. Ndalama zikatha unene msanga, kwa ife, osati kwa bambo wina wa galimoto. Ndipo ukalephera mayeso ena usakaganize kuti wawononga ng'ombe za bambo. Ukadzuke, ukalembenso. Sitikukutuma kukabweza ngongole, tikukutuma kukaphunzira.

Tsopano za mawa. Lachinayi ndinapita pa sitolo ya a Yusufu kukaimba foni kuphiri. Anayankha mayi wa magalasi yemwe uja, ndipo atangomva kuti ndine wa tambala anayambanso kuseka. Malo ako alipo, akusungira mpaka kutha kwa sabata ino, ndipo bedi ku hositelo liliponso. Ndalama zimene amayi ako akupatse m'mawa ndi zokwana temu yoyamba ya kulikonse kwa kuwiriko, pamodzi ndi basi. Bulangete lalikulu alilowetsa pansi pa chikwama chako iwe utachoka, usadabwe kulemera. Msuweni wako m'tauni ndamutumizira mawu kuti akakuona alandire, akapanda kukuona asadandaule. Palibe khomo limene ndatseka, ndipo palibe amene adzakufunse chifukwa.

Unandipempha kuti ndikuperekeze mpaka mu Lilongwe, ndinavomera. Ndasintha maganizo, ndipo usakwiye. Ndikafika nawe pa siteji ya Mitundu, ndikukweza katundu, ndikupatsa kalatayi, basi ndibwerera. Ndikufuna kwambiri kupita, ndinachapitsa kale jekete. Koma ndikudziwa chimene chingachitike pa depoti. Udzayang'ana nkhope yanga, udzayang'ana imvi, udzayang'ana nsapato zanga zosokedwa ndi waya, ndipo udzanyamula chikwama kulowera m'tauni ukumwetulira kuti ndisadziwe. Ine ndikakhala pafupi sungathe kusankha, umandikonda mopitirira. Ndiye ndikuchotsa nkhope yangayi pamaso pako, ndi thandizo lomaliza limene ndingakupatse pa nkhaniyi.

Ukatsike pa depoti wekha. Ukaike chikwama pansi, ukagule fanta, ukamwe mosafulumira. Mbali ina kuli msewu wolowa m'tauni, mbali ina kuli basi ya kuphiri. Pa nthawi imeneyo usakhale mwana wa munthu aliyense, ukhale Tadala yekha, ndipo ufunse Tadalayo kuti akufuna kudzakhala ndani. Akakuyankha, nyamula chikwama.

Ine mawa madzulo, ndi mkuja lonse ngati kungafunike, ndikhala pa benchi ya pa sitolo ya a Yusufu, pafupi ndi foni. Ukafika uyimbe. Sindikufunsa kuti chifukwa chiyani. Ungondiuza kumene uli, kuti ndidziwe koyang'ana ndikamapemphera.

Ndine bambo wako, wokondwa mpaka misozi, ngakhale amayi ako ndawauza kuti ndi fumbi la m'chigafa.